SCORM 1.2, SCORM 2004 kapena xAPI: musankhe iti kosi ikamavuta pa LMS?

Kosi mwaikonza mu Storyline kapena mu Captivate, mapulogalamu okonzera makosi, ndipo pa kompyuta yanu ikuyenda bwinobwino. Mwadina Publish, mwaikweza pa LMS (malo a pa intaneti amene ophunzira amapezapo makosi, amenenso amasunga kaundula wa mmene akuchitira), ndiye madandaulo ayambika. Wina akuti anamaliza dzulo koma dzina lake silikuonetsa kuti wamaliza. Wina akuti akabwerera mawa lake, kosi ikumubweza kumbuyo. Ambirife timathamangira kuloza chala pulogalamu yokonzera, chikhalirecho vuto layambira pa kabokosi kaja ka pa Publish kosankhira mtundu wa kosi, kutanthauza njira imene kosi izilankhulirana ndi LMS (SCORM 1.2, SCORM 2004 kapena xAPI), kamene timangokadumpha osakayang'ana.

SCORM 1.2 ndiyo nkhalamba pa zitatuzi. Inatuluka mu 2001 kuchokera ku ADL, nthambi ya unduna wa zachitetezo ku America, ndipo pafupifupi LMS iliyonse imailandira. Pomwe imafookera ndi pa malo osungira pamene wophunzira analekezera, otchedwa suspend_data, omwe amangokwana zilembo 4,096. Kosi yaifupi siiona vuto. Koma ikakhala yaitali, ya mafunso ambiri ndi ma variable ochuluka, zofunika kusunga zimasefukira. Chonyenga n'choti koyambirira zonse zimayenda: munthu akatuluka pa silaidi yachikhumi amabwereradi pomwepo. Akangofika chakumapeto m'pamene LMS imayamba kukana, n'kumamubwezera pa malo omaliza amene inakwanitsa kusunga. Inu mukayesa masilaidi asanu oyambirira okha, mudzalumbira kuti kosi ilibe vuto.

China n'chakuti mu 1.2 kumaliza ndi kukhoza zimalimbirana mpando umodzi, wa lesson_status. Ngati kosi ikutumiza passed pamene LMS ikudikira completed, wophunzira wakhoza mayeso koma m'kaundula akuoneka ngati sanamalize. Apa musavutike ndi masilaidi. Pochita Publish, sinthani pa Reporting, muyese Completed/Incomplete, muitulutsenso kosiyo.

SCORM 2004 inakonza zonse ziwirizi. Kumaliza kuli ndi malo ake, kukhoza kuli ndi malo akenso, moti mutha kudziwa kuti uyu anafika kumapeto koma analephera mayeso. Koma samalani ndi edition, chifukwa zilipo zinayi. Yachiwiri imangosunga zilembo 4,000, zochepa kuposa 1.2 yomwe mukuithawayo! Yachitatu ya 2006 ndi yachinayi ya 2009 ndizo zimafika 64,000. Ndiye ngati vuto lanu ndi la kubwezedwa kumbuyo, sankhani pakati pa ziwiri zomalizazi. Chovuta n'choti si LMS iliyonse imaimva 2004 mokwanira. LMS yotchedwa Moodle, mwachitsanzo, imagwirizana kwathunthu ndi 1.2, koma 2004 siyiithandiza mbali zonse. Amene muli pa Moodle, m'malo mosamukira ku 2004, pemphani woyang'anira LMS azimitse SCORM standards mode, popeza ikazima Moodle imalola kusunga zoposa malire a 1.2.

Za xAPI, ya 2013, sindichulutsa. Ndi yabwino mukafuna kuona mwatsatanetsatane zimene wophunzira wachita, koma imatumiza zonse ku LRS, nkhokwe yapadera yosungira zochita za ophunzira, ndipo popanda LRS yolumikizidwa bwino palibe cholembedwa. Ine sindingalangize munthu kuthawira kumeneko chifukwa choti kosi yake ikuiwala silaidi.

Palinso zolakwika zimene kusintha mtundu sikungachize. Tsiku lina ndinatha masana onse ndikusinthasintha 1.2 ndi 2004, LMS ikungokana fayilo. Vuto linali la ine ndemwe: ndinapanga zip ya foda yonse, m'malo mwa zinthu za m'kati mwake. Fayilo ya imsmanifest.xml iyenera kuonekera pompo mukangotsegula zip, osati kubisala m'foda ina. Chiyambire pamenepo ndimalola pulogalamu ipange yokha zip. Ndipo ngati Publish ikuima panjira isanamalize, onani pomwe mwasunga pulojekiti. Pa network drive kapena m'foda ya OneDrive pamakonda kuvuta, choncho ikopereni pa drive C ya kompyuta yanu. Fupikitsaninso maina a mafoda, chifukwa Windows imadodoma njira ya fayilo ikapitirira zilembo 260.

Mukasowa wolakwa, kwezani zip yomweyo pa SCORM Cloud, tsamba la Rustici Software loyeserapo makosi, muidutse mpaka silaidi yomaliza, mutuluke, mulowenso. Ikayenda kumeneko, nkhani ili ndi LMS yanu, ndipo debug log ya kumeneko, kaundula wa zonse zimene kosi inatumiza ndi kulandira, ndi umboni woti mupite nawo kwa woyang'anira. Ikavutanso kumeneko, bwererani ku Publish. Ine ndimayamba ndi 1.2 pa kosi iliyonse, ndipo ndimapita ku edition yachinayi ya 2004 pokhapokha log ikaonetsa kuti suspend_data yakanidwa.