Kasitolo ka mabuku akale komwe ndidagulako malipoti a ndalama za boma la Nyasaland

M'nyumba ina yakale yosanja pakati pa tauni ya Harare, kufupi ndi msewu wa Robert Mugabe, muli kasitolo kogulitsa mabuku akale komwe kamajambulanso mapepala ndi kuwamata kukhala buku. Ndidapitako mwezi watha chifukwa bungwe lathu lothandizana pa maliro ku Mabvuku lidandituma kuti ndikonze nkhani yofotokozera achinyamata chomwe chidachotsa agogo athu ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi kudzagwira ntchito kuno. Ndinkafuna malipoti apachaka a boma la atsamunda la Nyasaland, makamaka masamba osonyeza ndalama zomwe boma linkatolera pachaka ndi momwe linkazigwiritsira ntchito.

Mwini sitoloyo, bambo wachikulire wolankhula motsitsa mawu, sagulitsa malipoti enieniwo. Amawasunga m'kabati yokhoma, ndipo ofuna amawajambulira n'kuwamatira chikuto cholimba. Adandifunsa kuti, "Bambo, mukufuna a zaka ziti?" ndipo nditatchula za m'ma 1920 ndi 1930, adatulutsa mtolo wa timabuku topyapyala tomwe mapepala ake adasanduka achikasu, tosindikizidwa ku London, ena ali ndi dzimbiri pomwe padali timawaya. Adandilola kukhala pampando pafupifupi ola lathunthu ndikusankha, osandifulumiza ngakhale pang'ono, ndipo chimenechi ndicho ndidayamba kumuyamikira. Ndidalipira madola 12 pa malipoti asanu, ndipo ntchito idatha m'masiku atatu monga adalonjezera.

Phindu la zomwe ndidagula lili m'mizere ya manambala. Munthu ukaona mbali ya ndalama zolowa, umapeza kuti msonkho wa nyumba ndi wa mutu, womwe ankapereka anthu akuda, udali limodzi mwa magwero aakulu a chuma cha boma, pambali pa msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Msonkhowu adauyambitsa ndi Harry Johnston dziko litangoikidwa pansi pa Britain mu 1891, nthawi yomwe boma lake linkadaliranso mapaundi 10,000 pachaka ochokera ku kampani ya Cecil Rhodes. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkho udakwera kufika masheleni 6, koma yemwe wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka lokha, kotero msonkhowo unkagwira ntchito ziwiri: kudzaza thumba la boma ku Zomba ndi kukankhira amuna ku minda ya azungu. Agogo anga aamuna ankanena kuti mesenjala wa kwa DC akafika m'mudzi nthawi ya msonkho, ena ankagona kuthengo, ndipo nditaona mzere umenewu papepala ndidamvetsa kuti nkhani yawo siinali nthano chabe.

Mbali ya ndalama zotuluka ndiyo idandisunga usiku. Njanji ya Trans-Zambezia, yomwe idatsegulidwa mu 1922 kulumikiza Beira ndi mtsinje wa Zambezi, idamangidwa m'dziko la Apwitikizi, koma boma la Nyasaland ndilo lidaikira chikole chiwongoladzanja cha ngongole yake, ndipo mlatho wa pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935 katundu wa ngongoleyo adalemera kuposa kale. Pomwepo maphunziro a ana akuda adali m'manja mwa mishoni, ndipo boma lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, patatha zaka 35 chiyambire kulamula. Munthu ukaika mizere iwiriyi pafupi, wa njanji ndi wa sukulu, sufunikanso wina wokumasulira. Mpake kuti komiti yomwe boma lomwelo lidakhazikitsa mu 1935 idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ambiri a iwo ku minda ndi ku migodi ya Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ena mwa iwo ndiwo adasanduka machona omwe zidzukulu zawo tili ku Mbare, ku Mufakose ndi ku Tafara lero.

Tsopano zolakwika, chifukwa zilipo. Mnyamata yemwe adajambula mapepalawo sadatsegule bwino timabuku tina, mwina poopa kuting'amba, ndipo pamasamba anayi mzere womalizira wa kudzanja lamanja udadulika. Pa buku la nthano vuto lotere munthu angalipirire, koma pa tsamba la manambala, pomwe chiwerengero chimodzi chikasowa mapaundi 100,000 amaoneka ngati 10,000, ntchito yonse imaonongeka. Ndidabwerera nawo, ndipo mwini sitolo adapepesa n'kujambulanso popanda kundilipiritsa, ngakhale kuti ndalama ya kombi ulendo wachiwiriwo idatuluka m'thumba langa. Chinanso n'chakuti sitoloyo ilibe ndandanda wa zomwe ili nazo. Zonse zili m'mutu mwa bamboyo, ndipo tsiku lomwe palibe, mnyamatayo sadziwa kusiyanitsa za Nyasaland ndi za Northern Rhodesia. Malipoti a zaka zina mulibemo, kotero wofuna kutsatira chaka ndi chaka mosadumpha adzayenera kukamalizira ku National Archives of Zimbabwe pa msewu wa Borrowdale, komwe kuli zolembedwa zambiri za nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Pa za Chitaganya chomwecho bamboyo adandichenjeza bwino, ndipo apa ndipomwe ndidaona kuti katundu wake amamudziwa. Adati kuyambira mu 1953 mpaka mu 1963 msonkho wa katundu wolowa ndi wa pa malipiro unkatoleredwa ndi boma la Chitaganya kuno ku Salisbury (Harare ya lero), kenaka wa pa malipirowo n'kugawidwa ku maiko atatu a m'Chitaganyacho, choncho manambala a Nyasaland a zaka zimenezo sangayerekezedwe mwachindunji ndi a m'mbuyomo. Ndikadagula malipoti a zaka zonsezo osadziwa zimenezi, ndikadawanamiza achinyamata athu.

Kwa aphunzitsi, ophunzira a mbiri ndi aliyense wofuna kudziwa komwe masheleni a agogo ake adapita, ntchito ya sitoloyi ndi yoyenera mtengo wake. Pitani m'mawa bamboyo alipo, tengani madola osinthasintha chifukwa chenji imavuta, ndipo musanatuluke pakhomo tsegulani tsamba lililonse la manambala muone ngati mzere wa kumapeto watuluka wonse.