Pa Kamwendo pali kalipentala amene amayamba wakuyezani asanadule thabwa

Matelala anzanga komanso nonse amene ntchito yanu ndi yokhala pansi tsiku lonse, pa Kamwendo pano mbali ya msewu wopita ku boma kuli shopu ya mipando yomwe ndikufuna muidziwe. Ine ndimasoka pakhonde ndi makina a Butterfly opalasa ndi mapazi aja, ndipo nthawi ya mayunifomu sukulu zikamatsegulira mu September msana umachita kuyaka, khosi louma gwa, chifukwa cha kabenchi kamene ndinkakhalira.

Bambo a pashopupa sanayambe ndi kundionetsa mipando yopanga kale ayi, anabwera ndi tepi pakhonde panga nkundiuza kuti khalani mayi musoke ngati mmene mumasokera masiku onse. Anayeza kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo, anayeza tebulo la makina, kenako anangoima kumayang'ana mmene phazi likuyendera pa chopondera. Akuti mipando yambiri imakhala masentimita 45 kutalika, koma munthu wamfupi ngati ine pamenepo mapazi safika bwino ndiye umasunthira kutsogolo mpaka kukhalira kumphepete, choyedzamira chija osachikhudzanso olo pang'ono, msana nkupindika. Wanga anautsitsa, chokhalira chake sanachipange chachitali kuti chisamadinde kuseri kwa mawondo, ndipo choyedzamira anachiika chotsika, chogwira pamwamba pa chiuno penipeni pamene pamawawa paja. Zoikapo mikono anakana, akuti zizitchinga nsalu, ndipo zoonadi.

Chinandisangalatsanso ndi mmene amagwirira ntchito atatuwo, mnyamata wowotcherera miyendo ndi winayo woika siponji onse anaona miyezo ija asanayambe, osati aliyense kungopanga zake nkudzalumikiza pomaliza. Asanapake vanishi anandiitana ndiukhalire kaye, ndinadandaula kuti ukugwedera ndikamapalasa makina mwamphamvu ndiye anawonjezera chitsulo chopingasa kumunsi.

Zodandaula zilipo. Tsiku lomwe analonjeza linadutsa, foni osayankha, mpaka ndinachita kupitako ndekha. Siponji anaika yopyapyala, pano yayamba kale kuphwa pakati, ndiye inu mukapita muwauze aike yolimba ija ngakhale muwonjezere ndalama. Mtengo ndi wokwererapo kuposa mipando ya paini ya pamsika.

Madzulo ndikamaweruka msana sukupwetekanso ngati kale. Khosi lokha ndiye likadalipo chifukwa ndimaweramira singano, iwo akuti vuto ndi kuwala pakhondepo, ndisunthire makina kufupi ndi panja.