Chishalo cha Wintec 500 pa kavalo woyamba kuno ku Mzuzu

Chishalo chachikopa ndi chinyezi cha ku Mzuzu sizigwirizana. Mvula kuno imafika mpaka Epulo ndi Meyi, kenako kamvula kowaza ka m'nyengo yozizira, ndipo chikopa chosiyidwa m'chipinda masabata awiri mumachipeza chitachita chuku, ulusi utayamba kufumbwa. Apa ndi pomwe Wintec 500 All Purpose, chishalo cha kampani ya ku Australia, chimapambana. Si chachikopa. Chikanyowa kapena kuda ndi matope a ku Lusangazi, mumachitsuka ndi madzi ndi kasopo, n'kuchiyanika pamthunzi. Sichifuna mafuta, ndipo n'chopepuka moti mwana wa sekondale amachinyamula yekha.

Koma musachigule musanapeze kavalo. Chishalo chimatsata msana wa kavalo, osati maso a wogula. Wongoyamba kumene afune kavalo wamwamuna wofulidwa, wazaka 8 mpaka 15, wozolowera kale kukweredwa, ndipo dokotala wa ziweto amuone mano, ziboda ndi mayendedwe ndalama zisanatuluke. Kavalo wazaka zitatu ndi wokwera wosadziwa, wina amathera kuchipatala.

Chomwe chimatikopa kwambiri pa chishalochi ndi kachitsulo kam'kati, kutsogolo, kotchedwa gullet. Kamasinthika. Kalipo ka mitundu isanu ndi umodzi: kachikasu ndiko kopapatiza kwambiri, kenako kobiriwira, kakuda, kabuluu, kofiira, ndipo koyera ndiko kotambasuka kuposa tonse. Mumamasula masikuluwu ndi sikuludiraiva, n'kuchotsa kakale, n'kulowetsa kena. Phindu lake limaoneka chaka chikamatembenuka. Kavalo amanenepa ndi msipu wa Febuluwale n'kuphwa mu Okutobala, ndiye chishalo chomwe chinkakhala bwino dzinja chimayamba kutsikira pafupa la pamwamba pa mapewa. M'malo mogula china, mumangosintha kachitsulo.

Poyesa, ikani chishalo pamsana popanda kansalu kapansi. Pakati pa fupa lija ndi chishalo palowe zala ziwiri kapena zitatu, ngakhale munthu atakwera. Kumbuyo chisapitirire nthiti yomaliza, ya nambala 18, chifukwa kupitirira apo palibe nthiti zothandiza kunyamula kulemera kwanu. Mukatsika, onani thukuta: likhale lofanana mbali zonse. Kadanga kouma pakati pa msana wonyowa ndiye pomwe chikufinya, ndipo mukakanyalanyaza pamamera ubweya woyera wosachokanso. Kavalo wopinda makutu kapena wofuna kuluma pomumanga lamba wapamimba nthawi zambiri si wamwano, akumva kuwawa.

Zofooka zilipo. Kachitsulo kaja kamangokonza m'lifupi kutsogolo. Ngati kavalo ali ndi msana wolowa m'kati, chishalo chimatsamira kutsogolo ndi kumbuyo kokha, pakati n'kusiya mpata, ndipo palibe mtundu wa gullet womwe ungathetse zimenezo. Komanso pali zishalo zomwe mapilo ake apansi, ogona pamsana pa kavalo, ndi a mpweya, otchedwa CAIR, ndi za mapilo odzazidwa ubweya. Kuno, kutali ndi akatswiri a zishalo, ife timakonda zaubweya chifukwa zimatheka kuwonjezera kapena kuchepetsa. Poitanitsa kuchokera ku Johannesburg werengerani ndalama ya mayendedwe ndi msonkho wa MRA, ndipo kumbukirani kuti zopondera, malamba ake ndi lamba wapamimba zimagulidwa padera. Kwa munthu wamkulu wathupi lapakatikati, saizi 17 kapena 17.5 inchi imakwana.

Chinanso, chishalo chabwino sichipulumutsa kavalo wodyetsedwa molakwika. Wa makilogalamu 400 amafuna udzu pafupifupi makilogalamu 8 patsiku ndi madzi malita 25 mpaka 40. Madeya akhale ochepa, ndipo achuku ayi ndithu, chifukwa poizoni wa m'chimanga chowola amaononga ubongo wa kavalo. Chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe musayese n'komwe: china chimakhala ndi mankhwala a monensin omwe amapha kavalo ngakhale atadya pang'ono. Ziboda zisemedwe masabata 6 mpaka 8 aliwonse, ndipo m'matope athuwa muzizikolokosa tsiku lililonse kuti zisawole pansi. Katemera wa matenda a akavalo otchedwa African horse sickness, wopangidwa ku Onderstepoort ku South Africa, amabayidwa kawiri motalikirana masabata atatu, mvula isanayambe, popeza tizilombo touluka tofalitsa matendawa timachuluka dzinja, makamaka madzulo ndi m'mbandakucha.

Wintec 500 tikuipatsa 4 pa 5. Ngati kavalo wanu ali ndi msana wowongoka bwino, gulani pamodzi ndi bokosi la tizitsulo tonse tisanu ndi kamodzi ndi choyezera chake, musadikire kuti mudzaitanitse kamodzikamodzi kavalo ataphwa kale.