Ulendo wa pa milu ya mchenga ku Saugatuck ndi mbiri ya tauni ya Singapore

Saugatuck Dune Rides ndi kampani ya m'chigawo cha Michigan ku America, yomwe imanyamula alendo pa galimoto zopanda denga n'kuwayendetsa pa milu ikuluikulu ya mchenga ya kufupi ndi nyanja ya Michigan. Ulendowu umatenga mphindi pafupifupi 40, ndipo umachitika m'miyezi yofunda yokha. Anthu ambiri amapitirako liwiro la galimoto potsetsereka m'zitunda, koma kwa ine phindu lake lalikulu ndi lakuti umaonetsa ndi maso chimene chinapha tauni yakale ya m'dera lomweli yotchedwa Singapore (osati dziko la ku Asia lija).

Tauniyi anaiyambitsa mkulu wina dzina lake Oshea Wilder m'chaka cha 1836 pamathiriro a mtsinje wa Kalamazoo, ali ndi chiyembekezo chakuti idzakhala doko lopikisana ndi Chicago ndi Milwaukee. Inali ndi makina ochekera matabwa, masitolo, ngakhalenso banki yomwe inkasindikiza ndalama zakezake. Moto utapsereza Chicago ndi tauni ya Holland yoyandikana ndi Singapore mu Okutobala 1871, matabwa omangiranso nyumba anafunika ochuluka zedi, ndipo nkhalango za kuzungulira Singapore zinagwetsedwa mosasiyako. Mitengo itatha, ntchito inathanso; pofika 1875 makina aakulu anawasamutsira ku tauni ya St. Ignace kumpoto kwa Michigan ndipo anthu anabalalika. Mizu yogwira nthaka kunalibenso, choncho mphepo yochokera kunyanja inayamba kukankha mchenga mpaka kukwirira nyumba zotsala.

Oyendetsa galimoto amaifotokoza nkhaniyi ali paulendo, moisakaniza ndi nthabwala, ndipo amaima pamwamba pa chitunda kuti anthu atsike n'kuona dera lonse. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mitengo ina yooneka ngati zitsamba wamba, pomwe kwenikweni ndi nsonga za mitengo italiitali yomwe thunthu lake lili pansi pa mchenga. Munthu akaona zimenezi sakayikanso kuti nyumba yathunthu ikhoza kumira. Amasonyezanso udzu wa mizu yoyanga womwe umagwira mchengawo kuti usapitirire kuyenda, ndipo kusiyana kwa malo a udzu ndi malo apululu kumaonekeratu.

Wopita kumeneko adziwiretu kuti sakaona denga kapena khoma lililonse la Singapore, chifukwa zotsala zake zili pansi, ndipo mphindi 40 sizingakwane kufotokoza zonse za moyo wa anthu ocheka matabwa. Ndi chifukwa chake ndikulangiza kuti muyambire m'tauni ya Saugatuck momwe, pomwe pali chikwangwani cha mbiri ya Singapore pafupi ndi ofesi ya khonsolo, komanso nyumba zina zomwe anazisamutsa mchenga usanazipeze. Mukatero zimene woyendetsa akunena mumazimvetsa mokwanira. Tengani magalasi oteteza maso, pakuti galimoto ikathamanga mchenga umawaza kumaso, ndipo chipewa chopanda chingwe chimauluka.