Ma fyuzi a forklift ya batire: ndi odula inde koma andipulumutsira controller

Ndimakonza za magetsi pa warehouse ina ku Kanengo, tili ndi forklift ya batire ya 48V yomwe imanyamula matumba a feteleza pa ma pallet kuyambira mmawa mpaka kuweruka. Ma fyuzi ndikunenawa ndi a Littelfuse mtundu wa CNN, omanga ndi mabawuti aja, tinagula atatu a 350A ndipo tawagwiritsa ntchito miyezi isanu tsopano.

Poyamba fyuzi yaikulu itapsa abwana anati changu, ma lole akudikira panja, ndiye ndinathamangira mu shopu ina ya ma spare mtauni nkugula yotchipa yolembedwa 350A yomweyo, maonekedwe ofanana ndithu. Sindinawerenge tizilembo tating'ono ta mmbali, kumeneko kunali 32V, ya magalimoto wamba. Sabata isanathe adalaiva anandiyitana kuti achimwene bwerani kukununkha pulasitiki, nditatsegula ndinapeza holder, chija chomangirapo fyuzi, yasungunuka mbali imodzi, fyuzi yada bii ngati khala. Nkhani yake ndi yoti magetsi a batire ndi DC, sali ngati a mnyumba amene amasinthasintha mbali ka 100 pa sekondi zomwe zimathandiza kuti moto uzime wokha, ndiye fyuzi ikaduka moto uja umafuna kupitiriza kulumpha pa mpatapo, ngati fyuziyo inapangidwira ma volt ochepa imalephera kuuzimitsa msanga. Chonde musamangoyang'ana ma amp okha, onaninso ma volt a DC.

A CNN awa ndi a 48V ndipo ndi othamanga kuduka. Mwezi watha chingwe chopita ku mota ya pampu chinakhuzika pa chitsulo mpaka kupanga shoti, fyuzi inaduka nthawi yomweyo, forklift zii, popanda utsi, holder ili bwinobwino, controller, bokosi la zamagetsi lija loyendetsa ma mota, osakhudzidwa nkomwe. Amene anafunsapo mtengo wa controller akudziwa chomwe ndikutanthauza, ija siipezeka pano, ndi yoitanitsa kunja ndi ma dollar. Chinanso chandisangalatsa ndi kawindo kapakati, umangounika ndi tochi ya foni nkuona ngati kachitsulo kaduka, ngakhale ine ndimayezabe ndi mita chifukwa fumbi la feteleza limaphimba chilichonse.

Zodandaula zilipo. Mtengo wake pafupifupi katatu kuyerekeza ndi yotchipa ija, komanso tinadikira masabata atatu kuti afike kuchokera ku Johannesburg, masiku onsewo tikubwereka forklift ya dizilo kwa aneba, utsi thoo mkati mwa shedi. Mu paketi mulibe manati kapena ma washa, mugule panokha.

Pomanga yambani mwazula pulagi ya batire, palani ma terminal awale, mangani nati zolimba koma osapotokola fyuziyo, nati yolobodoka imatenthetsa fyuzi mpaka kupsa popanda shoti iliyonse nkumanena kuti katundu ndi wa feki. Ndipo ikapsa fufuzani kaye chapsetsa musanaike ina. Zomangirira waya wa kopa mmalo mwa fyuzi zija ndimaziona mmagalaja ena, pa forklift ayi ndithu, batire lake ndi lalikulu zedi, pa shoti limasungunula sipanala, ndipo pamwamba pake pamakhala munthu.

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5, imodziyo yapita chifukwa cha kudikira. Tatsala ndi imodzi yokha mu kabati, ndauza kale abwana kuti tiitanitsiretu ena nyengo ya feteleza isanafike pachimake.