Foni itagona kapena itaimirira: mujambule motani?

Amene mwayamba kumene kujambula mavidiyo kuno ku Angónia, musanadandaule za foni yodula, sankhani kagwiridwe kake: itagona, pa 16:9, kapena itaimirira, pa 9:16.

Chithunzi chogona ndi cha pabwalo. TV ndi YouTube zidapangidwira chithunzi chotere. Pa ukwati ku Ulongué, mukaima chapatali, akwati, ankhoswe ndi amayi amene akufupa onse amakwana m'chithunzi chimodzi. Kenako mumayandikira ndi miyendo yanu, osati ndi zoom, kuti mutenge nkhope ya mkwatibwi ndi manja akuponya ndalama mu lichero. Anthu awiri akamacheza, mumaima kumbuyo kwa phewa la mmodzi kuti nkhope ya mnzakeyo ioneke bwino. Foni ikaimirira zimenezi zimakanika: phewa limadya theka la chithunzi, wolankhulayo n'kupanikizika pakona. Yesaninso mlatho wa Samora Machel pa Zambezi mutaimika foni. Mupeza madzi ambirimbiri pansi, thambo pamwamba, mlathowo kachidutswa chabe.

Choimirira chimakomera munthu mmodzi. Mayi wogulitsa mbatatesi, kuyambira m'chiuno mpaka kumutu, amadzaza sikirini yonse pa TikTok kapena pa status ya WhatsApp. Makanja a gule wamkulu nawo amachikonda. Mukagwada n'kulozetsa kamera m'mwamba, kutalika kwawo kumaopsa zedi, bola mwayamba mwapempha kwa eni gule, osangosolola foni. Mukajambulira pamwamba munthu amachepa, n'chifukwa chake mwana mumamujambula mutanyonyomala, kamera ili pa msinkhu wa maso ake.

Ena amati, "Jambulani chogona, mudzadula pokonza." Zimatheka, koma onani masamu ake. Vidiyo ya 1920 x 1080 mukaidula kuti iimirire, m'lifupi mumatsala mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) pafupifupi 608 okha, ndipo nkhope zimayamba kuoneka mwachimbuuzi. Pa 4K, yomwe ndi 3840 x 2160, mumatsala 1215, okwanira ndithu. Vuto ndi loti 4K imadzaza memori msanga komanso imatenthetsa foni, ndiye dzuwa la Novembala ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, foni imatha kudzitsekera kamera mwambo uli pakati. Kubwerera kwina n'koipitsitsa: vidiyo yoimirira pa TV imakhala kamzere pakati, uku mdima uku mdima, agogo akutsinzinira kufuna kuona mdzukulu.

Ine ntchito yolipidwa, ya ukwati, chinkhoswe kapena kwaya, ndimajambula chogona. Choimirira ndimachisungira tizidutswa ta pa status, ndipo ndimatijambula patokha. Mukangodina batani lofiira musatembenuzenso foni, chifukwa vidiyo imasunga kagonedwe kamene munayambira, ndipo anthu onse adzaoneka atagonera mbali.