Chipukuta misozi cha ma opioid kuno ku Ohio, akuchiyang'anira ndani?

Abale kumudziko, ambiri mumandifunsa kuti ntchito yanga ku Americaku ndi yotani kwenikweni. Ndimagwira usiku pa nyumba ina mu Columbus yosunga anthu amene akuyesetsa kusiya mankhwala ozunguza bongo, makamaka awa amati ma opioid. Musaganize za chamba ayi. Ambiri anayamba ndi mapilisi opha ululu olembedwa ndi dokotala weniweni, ngati OxyContin wa kampani ya Purdue amene anatuluka mu 1996, munthu wavulala msana kuntchito ampatsa mapilisi, mapilisi atha koma chibaba chatsala, ndiye amapita ku heroin, pano ndi fentanyl, opioid wamphamvu kwambiri kuposa heroin, amene akumaliza anthu. Mu 2022 mokha anthu oposa 100,000 anafa dziko lonse lino chifukwa cha mankhwala opyola muyezo.

Ndiye maboma ndi mizinda anasumira makampani, milandu yambirimbiri inakaunjikidwa ku khoti la ku Cleveland konkuno kwa jaji Dan Polster. Mu 2021 makampani atatu ogawa mankhwala, McKesson, AmerisourceBergen ndi Cardinal Health (iyiyi likulu lake lili ku Dublin, pafupi pomwepa ndi Columbus) pamodzi ndi Johnson & Johnson anavomera kulipira madola 26 biliyoni, atatu ogawawo akulipira pang'onopang'ono kwa zaka 18. Kenako masitolo akuluakulu ogulitsa mankhwala, CVS, Walgreens ndi Walmart, nawo anagonja. Pangano linati 85 peresenti kapena kuposa ipite pa kuchiza ndi kupewa vutoli basi.

Anaika lamulo limenelo chifukwa anthu kuno sanaiwale za fodya, inde fodya yemweyu timalima kwathuyu. Mu 1998 makampani a ndudu anavomera kulipira maboma 46 madola 206 biliyoni, koma zambiri zinangolowa mu bajeti wamba, kutseka mabowo, zothandiza anthu kusiya kusuta zinali zochepetsetsa.

Ku Ohio anagawa chonchi, 15 peresenti ku boma la Ohio, 30 ku makhonsolo, 55 ku bungwe latsopano lotchedwa OneOhio Recovery Foundation. Apa mpamene panavuta. Bungwelo linkati ife si a boma, ndife apadera, ndiye zikalata zathu sitingaonetse aliyense, chonsecho ndalama zake zabwera chifukwa cha maliro a ana a anthu. Enafe tinakulira mu nkhani za Cashgate ndiye nditangomva ndinati eee zayambika. Koma kagulu kena kakang'ono ndithu, Harm Reduction Ohio, kanapita ku khoti ndipo mu May 2023 khoti lalikulu la Ohio linagamula kuti bungwelo likugwira ntchito ya boma, zikalata zionetsedwe poyera. Sindikunena kuti panali wosolola, ayi, koma munthu uli ndi mamiliyoni a anthu m'manja ukubisiranji mabuku?

Ife a usiku zimene timafuna sizovuta kumva. Narcan, kamankhwala kopopera m'mphuno kodzutsa munthu amene wasiya kupuma, kuyambira 2023 amagulitsa popanda chikalata cha dokotala koma mtengo wake munthu wogona pa msewu sangaukwanitse, ndiye kugawa ulere kumapulumutsa miyoyo. Chachiwiri thiransipoti. Munthu wongoyamba kumene pa methadone, mankhwala othandiza kusiya ma opioid, nthawi zambiri amayenera kupita ku kiliniki pafupifupi tsiku lililonse m'mawa, alibe galimoto, basi imachedwa, kunja chipale chofewa, akajomba masiku angapo chibaba chamubwerera ndipo amene amagulitsa fentanyl uja ndiye sachedwa, amafika mpaka pakhomo. Chachitatu malo ogona, munthu wati lero ndatopa ndikufuna thandizo mukamuuza kuti bwera sabata ya mawa, ena sabweranso.

Ine chimene chikundidetsa nkhawa pano ndi 30 peresenti ya makhonsolo ija, chifukwa yamwazikana m'timizinda tambirimbiri ndipo palibe amene angatsate tonse. Atolankhani a KFF Health News analembapo kuti m'madera ena a dziko lino ndalama zoterezi anagulira magalimoto apolisi ndi zipangizo za ku ndende, akuti nazonso ndi kuthana ndi mankhwala. Kaya. Pa nyumba yathu palibe ndi mmodzi yemwe amene anasiya fentanyl chifukwa apolisi agula galimoto yatsopano.